Madzi saiwala khwawa, ngakhale la pansi pa nthaka

Pa Mitundu, pa Nathenje ngakhale pa Malingunde, mapuloti akucheperachepera chaka ndi chaka. Mwini malo amamanga mdadada wa nyumba za lendi, kuseri n'kukumba chimbudzi, kenako mapazi owerengeka kuchoka pamenepo n'kukumbanso chitsime choti ochita lendi azitunga. Mukamufunsa, yankho lake ndi lokonzeratu: dothi limasefa. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo makwawa ena ali pansi pa nthaka, komwe eni nyumba sawaona. Zogwera m'dzenje la chimbudzi zimatsata njira yomweyo imene madzi a m'chitsime amadzera.

Chowawa n'chakuti mwini malo uja sakunamiratu. Dothi limasefadi. Madzi akamalowa pang'onopang'ono m'katondo, mazira a njoka za m'mimba amakodwa m'timipata ta dothi. Dongo limagwira mavairasi ena n'kuwakanirira. M'dzanja limodzi la nthaka muli tizilombo tosawerengeka tomwe chakudya chake ndi zonyansa zathuzi, pamene tizilombo ta kolera ndi taifodi, tikatuluka m'mimba mwa munthu, timafa m'njira ulendo ukatalika. M'dambo, momwe makande amakhala onyowa ndi osowa mpweya, muli tizilombo tina tomwe timasandutsa nitrate wochokera ku feteleza ndi m'zimbudzi kukhala mpweya wopanda vuto. Ntchito yonseyi imagwirika usana ndi usiku, popanda msonkhano wa kuhotela kapena alawansi.

Malipiro amene nthaka imapempha ndi mtunda ndi nthawi basi. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime ndi mamita osachepera 30, chikhale kumunsi kwake, ndipo dzenje lisafike pamadzi a pansi, patsale dothi louma lokwana mita ndi theka kapena awiri. Mu Januwale ndi Febuluwale madzi a pansi amakwera. Dzenje lomwe linali louma mu Okutobala limakhala litamira, ndiye sefa uja palibenso. Kolera yemwe adabuka mu Malichi 2022 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Lilongwe linali m'gulu la maboma olira kwambiri. Mvula yoyamba itagwa chaka chotsatira, okumba zimbudzi pafupi ndi zitsime anali ataiwala kale. Anthufe timaiwala, madzi ayi.

Palinso katundu yemwe nthaka imamukana. Mtovu wa m'mabatire akutha a sola ndi a galimoto suwola, umangokhala m'dothi kudikira adzukulu. Matewera otaya aja, omwe masiku ano adzaza m'ngalande za pamsika uliwonse, amasunga chimbudzi cha mwana m'pulasitiki momwe tizilombo ta m'nthaka sitingafikemo msanga. Nanga oyilo wakuda amene okonza njinga za kabaza amakhuthulira kuseri kwa shedi? Ku Bemidji, m'chigawo cha Minnesota ku America, paipi ya mafuta idaphulika mu 1979. Akatswiri akhala akuyeza malowo kuyambira zaka za m'ma 1980, ndipo adapeza kuti tizilombo ta m'nthaka tikudyadi mafutawo n'kuwaletsa kufalikira patali. Komabe patha zaka zoposa 40 mafuta ena akadali pansi pomwepo. Kumeneko akaganiza zosiyira chilengedwe ntchito yoyeretsa, amakumba zitsime zoyezera n'kumatunga madzi kukapima kawirikawiri. Kuno kwathu kusiyira chilengedwe ndiko kutaya n'kutembenuka.

Anthu a ku Malingunde nkhaniyi ikuwakhudza kawiri. Kamuzu Dam I, yomwe idamangidwa mu 1966, ndi Kamuzu Dam II ya mu 1989 zili kwawo, pa mtsinje wa Lilongwe wochokera ku Dzalanyama. Madzi ake amakathiridwa mankhwala ndi a Lilongwe Water Board asanafike pa mpopi wa munthu wa ku Area 47. Mayi wa m'mudzi wa kwa Masumbankhunda, yemwe madamuwo amawaona ndi maso, kawirikawiri amadalira mjigo kapena chitsime, ndipo omuyeretsera madzi ndi dothi ndi dambo lokha. Tsono dambo lomwelo ndi limene tikulikumba kuumba njerwa, kulisiya maenje okhaokha momwe zinyalala zimatayidwa pamwamba penipeni pa madzi a pansi. Bango ndi udzu wa m'mbali mwa mitsinje zalowedwa m'malo ndi madimba ofika mpaka pagombe, opoperedwa mankhwala sabata ndi sabata. Kumtunda nako matumba a makala akutsika pa njinga kuchokera ku Dzalanyama, ndipo mvula yogwa pa phiri lometedwa imathamanga pamwamba ndi matope m'malo molowa pansi.

Ndiye palinso graphite. Kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia idapeza miyalayi ku Malingunde, pafupi ndi madamu aja, ndipo kenako ntchitoyo idapita m'manja mwa NGX Limited. Mgodi ukadzatsegulidwa, wina asadzabwere ndi nyimbo ya eni nyumba za lendi yoti dothi limasefa. Bungwe la MEPA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, lionetsetse kuti zitsime zoyezera zakumbidwa khasu lisanagwe, ndipo zotsatira zake zizimatidwa pa bwalo la mfumu m'Chichewa.

Mwambiwu uli ndi pothera pake. Khwawa madzi saliiwala, koma litsiro amene asenza amatha kulitula m'njira ngati njirayo ndi yaitali. Ena adzati wosauka wa puloti yaing'ono mamita 30 awatenga kuti. Funso ndi lomveka, koma woliyankha ndi amene adadula puloti ija n'kulandira ndalama.

Mafumu a kwa Chiseka, kwa Chadza ndi kwa Masumbankhunda, inu ndi amene mumasaina makalata a malo. Musanasaine, pitani mukayeze nokha mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi chitsime, ndipo dambo musaligawirenso munthu wa uvuni wa njerwa.