Tizilombo ta kwathu kuno natonso tiwerengedwe

Mwana wanu wa sitandade 3 akadandaula kuti pakhosi pakuwawa, mwina mumangomugulira panado kugolosale n'kumuuza kuti athamangire kusukulu. Nthawi zambiri zimathadi zokha. Koma zilonda zina zapakhosi zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus wa gulu A, ndipo ameneyu amasiya mavuto m'mbuyo. Pakapita milungu iwiri kapena itatu, chitetezo cha m'thupi mwa ana ena chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Maondo ndi zigongono zimatupa, thupi limatentha, ndipo zikamachitika mobwerezabwereza tizitseko ta mu mtima timawonongeka. Matenda a mtima amenewa amapha anthu pafupifupi 300,000 chaka chilichonse padziko lonse, ambiri a iwo m'mayiko osauka. Katemera wake palibe mpaka lero.

Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti bakiteriyayu ali ndi mitundu yambirimbiri. Zili ngati a Phiri: mfunda ndi umodzi, koma a ku Dedza ndi a ku Kasungu si a banja limodzi. Bakiteriya aliyense amavala chikhoto cha puloteni yotchedwa M, ndipo chikhotochi chimasiyana mtundu ndi mtundu. Thupi la mwana likagonjetsa mtundu umodzi limauloweza nkhope, koma ukabwera wina wovala mosiyana limayambiranso. N'chifukwa chake mwana mmodzi amatha kudwala kangapo.

Amene anayamba kusanja tizilomboti m'magulu ndi Rebecca Lancefield, wasayansi wa ku New York, mu 1933. Njira yake inkadalira madzi a m'magazi a akalulu omwe anabayidwa bakiteriya. Inali ntchito yotopetsa, komanso mitundu yambiri ya m'mayiko otentha siinkadziwika, popeza panalibe kalulu amene anakumanapo nayo. Cha mu 1996 akatswiri a bungwe la CDC ku Atlanta anakhazikitsa njira ina yoti m'malo moyang'ana chikhoto, aziwerenga malangizo amene bakiteriya amasokera chikhotocho. Malangizowa ali mu DNA, m'kagawo kotchedwa emm. Tizigawo totere ena amatitcha majini, koma musasokoneze ndi majini a ziwanda aja. Ku labotale amachulukitsa kagawoko ndi makina a PCR, omwe ambiri tinawamva nthawi ya Covid-19, kenako amawerenga zilembo zoyambirira zosakwana 200 n'kuziyerekeza ndi zomwe zili m'kaundula wa pakompyuta. Mitundu yomwe yapezeka mwanjira imeneyi yaposa 200.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Mu 2009 ofufuza anasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko osiyanasiyana ndipo anaona kuti ku Ulaya ndi ku North America mitundu yochepa ndi imene imadwalitsa anthu ambiri, pomwe ku Africa ndi kuzilumba za Pacific mitundu ndi yambiri komanso ndi ina. Zitsanzo zochokera ku Africa zinali zochepa kwambiri. Katemera wina yemwe akuyesedwa ali ndi tizidutswa ta mitundu 30, yosankhidwa makamaka potengera zomwe zimavuta m'mayiko olemera. Telala amasoka potengera muyezo umene wapatsidwa. Ngati tizilombo ta ku Mchinji ndi ku Nsanje sitikulowa m'kaundula, katemera akhoza kudzafika ali wotithina.

Masiku ano makina amawerenga DNA yonse ya bakiteriya, zilembo pafupifupi 1.8 miliyoni. Phindu lake linaoneka ku Britain. Mu 2019 ofufuza a ku London analengeza kuti mkati mwa mtundu wodziwika kale wa emm1 mwabadwa nthambi ina, M1UK, yosiyana ndi inzake pa zilembo 27 zokha koma yotulutsa poizoni wochuluka. Njira ya emm payokha sikanaiona. Matendawa atabuka mwamphamvu kumeneko kumapeto kwa 2022, madokotala anali akuidziwa kale nthambiyo ndipo anatha kuilondola.

Kwathu kuno luso lotere lilipo ndithu. Msuweni wa bakiteriyayu, Streptococcus pneumoniae, amene amayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi, wakhala akulondoledwa kwa zaka zambiri ku Blantyre ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome. Dziko lino linayamba kupereka katemera wa chibayo woteteza ku mitundu 13 mu November 2011, ndipo wapulumutsa ana ambiri. Komabe atapala m'mphuno mwa ana a mu mzindawu pakati pa 2015 ndi 2018, anapeza kuti mitundu ina ya m'katemerayo idakayendayenda kuposa momwe zinakhalira ku Ulaya. Zimenezi n'zomwe zinachititsa kuti ayambe kuunika ngati kusintha nthawi zobayira kungathandize. Akanangodalira zotsatira za kunja, palibe akanadziwa.

Ndiye maganizo athu ndi awa. A zaumoyo akabwera kusukulu kapena kusikelo ndi kalata yopempha chilolezo choti apale pakhosi kapena pachilonda cha mwana wanu ndi kathonje, musathamangire kukana. Tikudziwa kuti mantha alipo, ndipo mphekesera za anamapopa za mu 2017 zinasiya mabala. Koma pa njira ya emm, chomwe chimawerengedwa ndi DNA ya bakiteriya amene wameretsedwa m'kambale ku labotale. Funsani mafunso: chitsanzochi chikupita kuti, chisungidwa mpaka liti, chigwiritsidwanso ntchito ina yanji? Muli ndi ufulu wokana, ndipo mwana ayenera kulandirabe chithandizo ngakhale mutakana. Inu mavolontiya ndi alangizi a zaumoyo, kholo likafunsa musaliyankhe kuti "ndi za boma". Lifotokozereni mpaka limvetse.

Ofufuza nawonso ali ndi ngongole. Si bwino kutenga zitsanzo m'mudzi, kukalemba malipoti a Chingerezi, anthu a m'mudzimo osamvanso kanthu. Zotsatira zizibwerera kwa amfumu, kumakomiti a zaumoyo ndi kwa makolo m'chilankhulo chawo. Mu 2018 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti mayiko alimbane ndi matenda a mtima amenewa, choncho Unduna wa Zaumoyo uyenera kuona kulondola mitundu ya bakiteriyayu ngati mbali ya lonjezo limenelo.

Poyembekeza katemera, simufunika kudziwa nambala ya emm kuti muteteze mwana. Mitundu yonse ya gulu A imagonjabe ku penisilini. Mwana wazaka 5 mpaka 15 akamva kuwawa pakhosi, thupi n'kutentha, mwanabele n'kutupa m'khosi koma alibe chifuwa kapena chimfine, pitani naye kuchipatala. Akapatsidwa mapiritsi a masiku 10 amalize onse, ngakhale atapeza bwino tsiku lachitatu. Ndipo amene anauzidwa kale kuti mtima wake unakhudzidwa asadumphitse jakisoni wake wa mwezi ndi mwezi. Mavolontiya, lembani tsiku lake m'buku mwanu ndipo mukamukumbutse.