Kupirira sikutanthauza kukhala chete

M'mizikiti ya m'boma la Mangochi, kuyambira ku Mpondasi mpaka ku Makanjira, mawu oti sabr sasowa mu khutba ya Lachisanu. Ndi mawu abwino, koma ambiri tawasandutsa chotsekera anzathu pakamwa. Munthu akadandaula kuti sakupeza tulo ndipo mtima ukumuthamanga, timangomuuza kuti apirire, mwinanso kunong'onezana kuti imani yake yafooka. Ena timathamangira kutchula majini tisanamufunse n'komwe chimene chikumudya.

Chonsecho zomwe zikudya anthu sizobisika. Chambo chinachepa ku Malombe ndi kum'mwera kwa nyanja ya Malawi, kotero msodzi amabwerera kumtunda ndi ngongole ya mafuta a injini. Namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba mu Malichi 2023, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, ndipo mu 2024 nyanja inasefukira mpaka kulowa m'makomo. Amayi ambiri akulera okha ana pamene amuna awo ali ku Joni.

Naye Mtumiki Muhammad (SAW) anamva chisoni. Chaka chimene anamwalira mkazi wake Khadija ndi Abu Talib, mbale wa bambo ake, chimatchedwa Chaka cha Chisoni, ndipo palibe Msilamu amene amati chikhulupiriro cha Mtumiki chinachepa.

Ife tili ndi mwayi wokumana kasanu pa tsiku. Amene mumaima naye phewa ndi phewa pa swala akasowa masiku atatu, woyamba kuzindikira ndinu, osati dokotala. Mupiteni kwawo, khalani naye pamkeka, mumusiye alankhule, ndipo zimene mwamva zisakafike pamsika. Amayi a dawa angachite chimodzimodzi kwa anzawo, makamaka aja amene foni ya ku Joni inasiya kulira. Zina n'zazing'ono: kuyenda wapansi popita kumzikiti, kuika foni pambali Isha ikatha n'kugona msanga. Asodzi a usipa, amene amachezera panyanja ndi nyali, tulo tawo ndi ta masana, ndiye pakhomo tiziwalekerera agone.

Nkhawa yambiri imabadwa ndi ngongole, ndipo angongole ali m'gulu la oyenera kulandira zakaat. Makomiti a mizikiti aziwakumbukira mwachinsinsi, osati powaitana ndi dzina pagulu.

Koma munthu akasiya kudya, akayamba kudzipatula kapena kutchula zodzichotsera moyo, musamusiye yekha, ndipo duwa iyendere limodzi ndi chipatala. Mupite naye tsiku lomwelo ku chipatala cha boma cha Mangochi kapena chaching'ono chapafupi. Ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Tikupempha masheikh athu kuti zimenezi azinene poyera pa mimbari, m'Chiyao ndi m'Chichewa, kuti amene wakhala kumzere wakumbuyo amve kuti akhoza kubwera kudzalankhula swala ikatha.