Matenda a galimoto apimidwe kaye, sipeya pambuyo

Pa Mponela, pa Lunzu, pa Jenda kapena pa Luchenza, galimoto yakale ndi munda wa banja. Sienta yonyamula anthu, kalole kotuta matumba a chimanga tsiku la msika, kapena minibasi ya Hiace yomwe idayamba kuyenda ana asanabadwe, ndizo zimabweretsa ndiwo pakhomo komanso fizi ya ana. Tsiku lomwe injini yayamba kutsokomola, banja lonse limagwira njakata.

Zomwe zimatsatira n'zodziwika kwa ambiri. Galimoto ikunjenjemera ikaima ndipo pachitunda ikulephera kukoka. Mwini wake apita nayo kwa makaniko pansi pa mtengo wa mango. Makanikoyo atsegula boneti, amvetsera pang'ono n'kunena kuti: "Bwana, apapa ndi mapulagi." Bwanayo akwera minibasi kukagula mapulagi ku Biwi Triangle mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre. Amanga mapulagiwo, vuto lili pomwepo. "Ndiye kuti ndi koyilo, bwana." Koyilo igulidwa. Sabata yotsatira akuti ndi pampu ya mafuta. Pokutha pa mwezi ndalama ya feteleza yapita, mbuzi ziwiri zagulitsidwa, koma galimoto ikadali pamiyala.

Mabanja akutaya ndalama pawiri. Koyamba amataya kaamba koti matenda a injini akungoloseredwa m'malo mopimidwa. Kachiwiri amataya kaamba koti ena mwa masipeya omwe ali pamsika ndi achinyengo, kapena ndi owonongeka kale ngakhale ali m'bokosi lowala. Choopsa n'chakuti mavuto awiriwa amabisana. Makaniko akamanga koyilo yatsopano koma yakufa, amaichotsa pa mndandanda wa zokayikitsa n'kuyamba kusaka vuto kwina komwe kulibe vuto. Apa mpomwe ndalama zimathera.

Galimoto zambiri m'dziko muno zidabwera zitagwirapo kale ntchito kunja, makamaka ku Japan, ndipo zochuluka zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe m'boma la Karonga. Masipeya ake nawonso amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mitengo ya masipeya idakwera, ndipo munthu wa thumba lopepuka adayamba kuthamangira chotsika mtengo. Kulosera komwe kale kunkangopweteka, lero kukugwetsa mabanja.

Chonsecho injini si chinthu chamatsenga. Injini ya petulo imafuna zinthu zinayi kuti ilire bwino: mpweya, mafuta, moto wa pa pulagi, ndi mphamvu yopanikiza mkati mwa silinda. Zonsezi ziyenera kukumana pa nthawi yake. Chilichonse mwa zinayizi chili ndi kapimidwe kake, ndipo kupimako nthawi zambiri sikufuna kugula kanthu.

Utsi wa ku ekizozi umauza zambiri. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo, mwina kaamba koti malingi kapena masilu a mavavu atha. Utsi wakuda umasonyeza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya, ndipo nthawi zina chifukwa chake chimangokhala fyuluta ya mpweya yomwe yadzaza fumbi la m'misewu ya dothi. Utsi woyera wambiri wosatha ngakhale injini itatentha, uku madzi akuchepa mu lediyeta, umaloza ku gasiketi ya pamutu pa injini. Kanthunzi koyera ka m'mamawa wa June komwe kamatha injini ikafunda, kameneko si matenda.

Galimoto yovuta kuliza siyenera kugulirwa batire nthawi yomweyo. Kamita koyezera magetsi kamatha kunena zoona pa mphindi imodzi. Batire labwino lodzaza limaonetsa 12.6 volts injini itazima, ndipo injini ikalira kamitako kayenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5 volts. Kakaonetsa zochepera apo, wolakwa akhoza kukhala alternator kapena lamba wake, ndipo batire latsopano lidzathanso pakangopita masiku ochepa. Nthawi zina vuto limangokhala dzimbiri loyera la pa mitu ya batire, lomwe limachoka ndi kukwecha.

Pa galimoto zomwe silinda iliyonse ili ndi koyilo yakeyake, makaniko wodziwa ntchito satuma munthu kusitolo. Amachotsa koyilo yomwe akuikayikira n'kuisinthanitsa ndi ya silinda ina. Vuto likasamuka kutsatira koyiloyo, wolakwa wapezeka. Likatsala pomwepo, koyilo ilibe mlandu, ndipo ayang'ane pulagi, injekita, kapena ayeze mphamvu yopanikiza ndi geji yake. Silinda imodzi ikaonetsa mphamvu yochepa kwambiri kuposa zinzake, ngakhale atagula mapulagi khumi injiniyo siingachire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku ano m'matauni ambiri muli anyamata oyenda ndi kamakina komwe amalumikiza pansi pa chiwongolero n'kuwerenga zomwe kompyuta ya galimoto yasunga. Ichi n'chitukuko, koma nachonso chabweretsa kulosera kwa mtundu wina. Kamakinako kamaloza dera lomwe kuli vuto, sikatchula chitsulo choti chigulidwe. Nambala ya P0301 imangonena kuti silinda yoyamba ikuphonya moto. Nambala ya P0171 imanena kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta, ndipo ambiri akaiona amathamangira kugula sensa yodula, pomwe chifukwa chake chikhoza kukhala kapaipi ka labala kong'ambika kapena fyuluta ya mafuta yotsekeka. Amene walipira kuti galimoto yake iwerengedwe ndi kamakina ali ndi ufulu wofunsa kuti nambala yatuluka ndi iti, ndipo ailembe papepala.

Palinso zizolowezi zomwe zidazika mizu m'magalaja koma zimawononga. Chimodzi ndi kuchotsa thermostat injini ikatentha, ati poti kuno n'kotentha kusiyana ndi ku Japan. Kachitsuloko ntchito yake ndi kusunga kutentha koyenera. Kakachotsedwa, injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga, pomwe chenicheni chotenthetsa, kaya ndi lediyeta yotsekeka, fani yakufa kapena pampu ya madzi, chimatsala osakhudzidwa. Kwinaku mafuta ogula m'zigubu m'mbali mwa msewu, monga zidachulukira pa nthawi ya kusowa kwa mafuta mu 2024, amatha kukhala ndi madzi, zinyalala kapena palafini. Funso loti "mafuta mudathira kuti?" liyenera kubwera sipanala isanagwire nati.

Matenda akapezeka, nkhondo yachiwiri ili kusitolo. Pamsika pali masipeya a mitundu inayi: opangidwa ndi kampani ya galimotoyo, opangidwa ndi makampani ena odziwika omwe amalemba dzina lawo poyera, ochotsedwa ku galimoto zophwasulidwa, ndi achinyengo omwe amavala dzina la eni ake. Mitundu itatu yoyambayo ilibe vuto malinga wogula wauzidwa chomwe akugula. Chitsulo chenicheni chochotsedwa ku galimoto ina nthawi zambiri chimaposa chatsopano chachinyengo. Mtundu wachinayiwo ndi kuba.

Makampani opanga mapulagi monga NGK ndi Denso akhala akuchenjeza za mapulagi abodza olembedwa maina awo. Pulagi yotere imatha msanga, ndipo kansonga kake kakasungunuka kapena kuthyokera mkati, kamawononga pisitoni. Fyuluta ya oyilo yachinyengo kunja kwake imaoneka bwino, koma mkati muli pepala lochepa lomwe silisefa kanthu, ndipo mwini galimoto amadzadziwa injini itayamba kugogoda. Lamba wa timing wachinyengo akaduka pa injini ya dizilo ya Hiace, mavavu amawombana ndi mapisitoni, ndipo ndalama yomwe idapulumutsidwa kusitolo imabwezedwa kambirimbiri kugalaja. Zilembo zofufutika pabokosi, dzina lolembedwa molakwika, ndi mtengo wotsika modabwitsa, zonsezi ndi machenjezo.

Si chitsulo chilichonse chokana kugwira ntchito chomwe n'chachinyengo. China chimangokhala cha galimoto ina. Kungonena kuti "ndikufuna cha Corolla" sikokwanira, poti Corolla ya AE100 ili ndi injini ya 5A-FE pomwe ya NZE121 ili ndi 1NZ-FE, ndipo zitsulo zake n'zosiyana. Wopita kukagula atenge nambala ya chasisi yomwe ili pa chikalata cha galimoto, chija ambiri amati bulubuku, komanso anyamule chitsulo chakalecho kuti akafananize pa kauntala. Safunsa adadya phula.

Chida chachikulu cha wogula ndi lisiti. Ambiri amalisiya poopa kuoneka ovuta, kapena poti wogulitsa wachotserako pang'ono. Koma munthu wochokera ku Jenda akabwerera ku Mzuzu ndi pampu yakufa opanda lisiti, amangouzidwa kuti: "Achimwene, ichi sitidagulitse ife." Lisiti likhale ndi dzina la sitolo, tsiku, nambala ya chitsulo, mtengo, ndi masiku omwe agwirizana kuti chikhoza kubwezedwa chikakana.

M'masitolo ambiri mukadali zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Chikwangwani sichiposa lamulo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo latsopano la 2024 loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lomwe lidawonjezera mphamvu za bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Bungweli lakhala likunena poyera kuti wogulitsa sangadzichotsere udindo pa katundu wowonongeka. Wogula amene wakanizidwa kubweza chitsulo chakufa akhoza kukadandaula kumeneko, kapena kukapempha uphungu ku bungwe la ogula la CAMA.

Nawo ogulitsa ali ndi dandaulo lomveka. Pali amakaniko omwe amapsereza chitsulo chabwino polumikiza mawaya molakwika, kenako n'kuchibweza ati chidali chakufa. Palinso ogula omwe amatenga sensa kukangoyesera, ikapanda kuthandiza n'kuibweza ili yakuda. Mankhwala ake si kukana aliyense. Zitsulo zamagetsi zomwe zingathe kuyesedwa ziyesedwe pomwepo onse akuona, wogulitsa aike chizindikiro chake pa chitsulocho, ndipo pangano lilembedwe pa lisiti. Sitolo yochita zimenezi siisowa makasitomala.

Eni galimoto nawonso adziyang'ane. Ambiri safuna kulipira makaniko amene watha maola awiri akupima n'kupeza kuti vuto ndi kawaya komasuka. Amati sadagwire ntchito poti sadasinthe kanthu. Khalidwe limeneli ndilo limaphunzitsa amakaniko kuti ndalama ili pa kusintha zitsulo. Kupima ndi ntchito, ndipo iyenera kukhala ndi mtengo wake wogwirizana poyamba. Amene wapulumutsa banja ku kugula pampu yosafunika ndiye woyenera kulipidwa bwino. Ndipo ntchito ikatha, chitsulo chakale chibwezedwe kwa mwini galimoto. Chimakhala umboni woti chidasinthidwadi, ndipo chatsopanocho chikapezeka chakufa, chakale chija chimathandiza kudziwa zoona.

Amakaniko ambiri m'matauni aang'ono adaphunzira ntchito poyang'ana kwa abwana awo, pa injini za kabuleta zomwe munthu ankazikonza ndi khutu. Luso limenelo n'lolemekezeka, koma galimoto za lero zili ndi kompyuta ndi masensa. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, pamodzi ndi makoleji a ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College, achite zotheka kupititsa maphunziro afupiafupi a magetsi a galimoto ndi kapimidwe ka injini kwa amakaniko omwe ali kale pantchito m'maboma. Munthu wodyetsa banja sangatseke galaja chaka chathunthu kukakhala m'kalasi, koma sabata ziwiri pa boma pomwepo angakwanitse.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lakhalapo kuyambira 1972, lili ndi udindo woona ubwino wa katundu wolowa m'dziko muno. Mogwirizana ndi MRA m'zipata, liike diso pa masipeya monga limachitira ndi zakudya, ndipo zomwe lapeza lizilengeza m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina kuti wa ku Mwanza ndi wa ku Chitipa amve. Nkhaniyi siithera pa injini. Sitolo yogulitsa pulagi yabodza ndi yomweyo yogulitsa mabuleki ndi zitsulo za chiwongolero. Pulagi ikakana, galimoto imaima. Buleki ikakana pa mapiri a Chiweta kapena pa Zalewa, minibasi imakhala itanyamula ana a sukulu ndi amayi ochokera kumsika.

Banja lomwe galimoto yake yadwala lisachite manyazi kufunsa mafunso atatu: mwapima chiyani, mwapeza chiyani, nanga chikakana tichita bwanji? Makaniko wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso otere, ndipo wogulitsa wachilungamo salemedwa ndi cholembera.