Komiti ya ngozi si ya ufa ndi mabulangete okha

Pamsika wa Chintheche, m'maminibasi a msewu wa M5 ndi m'magulu a WhatsApp mwafala mawu akuti makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi podyera maalawansi basi, ndipo ntchito yawo ndi kugawa ufa ndi mabulangete zinthu zikaonongeka kale. Ena akuwonjezera kuti kuno kumpoto makomitiwa alibe phindu, poti anamondwe ngati Freddy wa mu Malichi 2023 amakantha kum'mwera. Ife tikutsutsa zimenezi.

Oyankhula chonchi aiwala msanga. Kolera imene inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 inafika mwamphamvu m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay chaka chomwecho, ndipo m'dziko lonse inatenga miyoyo yoposa 1,700. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira ku Dwangwa anasamutsa anthu zikwizikwi ndi kuononga msewu womwewu wa M5 umene timadalira popita ku Nkhotakota ndi Salima. M'chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Nanga mphepo ya mwera? Chaka chilichonse nyengo yozizira imagubuduza mabwato a asodzi a usipa. Madzi saiwala khwawa, ndipo anthu okhala m'mbali mwa Luweya amadziwa zimenezi.

Makomitiwa anabadwa m'maliro. Phiri litaphulika madzi ku Phalombe mu 1991, boma linakhazikitsa lamulo loyamba la za ngozi, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano. Pamwamba pali nthambi yoona za ngozi ya DoDMA ku Lilongwe. Paboma pali komiti yotsogozedwa ndi DC, momwe mumakhala a zaumoyo, a zaulimi, apolisi ndi mabungwe ngati Red Cross. Pansi pake pali makomiti a kwa mfumu yaikulu ndi a m'midzi.

Ntchito yaikulu imachitika mvula isanagwe. Ndani adzafalitsa chenjezo la a zanyengo kudoko asodzi asanalowe m'madzi? Nkhalamba, amayi oyembekezera ndi olumala amakhala nyumba ziti? Anthu adzathawira kusukulu iti, ndipo kuli chimbudzi ndi madzi abwino? Mlatho ukaduka, wodwala adzafika bwanji kuchipatala cha Chintheche? Mayankho amenewa amadziwa ndi munthu wa m'mudzi momwemo. Ndipo lipoti la komiti ya m'mudzi ndi limene limauza boma kuti mabanja okhudzidwa ndi angati. Popanda lipotilo, galimoto ya thandizo imadutsa mudzi wanu.

Madandaulo enieni alipo ndithu. Thandizo limachedwa, mayina a achibale nthawi zina amalowa m'kaundula m'malo mwa ovutika, ndipo makomiti ena amangodzuka kukamveka maphunziro olipira. Koma denga likadontha timafolera, sitigwetsa nyumba. Mankhwala ake ndi kusankha mamembala pamsonkhano wa mudzi wonse, kuwerenga kaundula wa olandira thandizo poyera, ndi kuika amayi, achinyamata ndi asodzi m'makomitiwa.

Inu a ku Chintheche, Kande ndi Tukombo, funsani a gulupu anu mayina a anthu a m'komiti ya mudzi wanu, musunge manambala awo a foni mvula isanayambe.