Maso a Padenga

Kodi munthu wozoloŵera kuomberedwa m'manja angakhutire ndi ntchito yoima padenga tsiku lonse, dzuŵa likumuomba? Ku Amereka aliko bambo ŵena, a Tim Fedewa a ku Michigan, amene anapambana kanayi m'mipikisano ya galimoto ya Busch Series pakati pa 1995 ndi 2000. Atasiya chiwongolero anasanduka mlonda, amene eni akewo amamutcha spotter.

Aŵerengi, ntchitoyi tisaipeputse ai. Woyendetsa amakhala womangidwa ndi malamba, chisoti kumutu, khosi losatha kucheuka, pamene galimoto pafupifupi 40 zilikuthamanga mothithikana, mwina kufika makilomita 300 pa ola. Za m'mbali sazipenya bwino. Amamuuza pa wailesi ndi mlonda uja, amene amaona bwalo lonse ali padenga: pambali pali mnzako, tsopano payera, kutsogolo kwaipa. Mu 2002 Eric Martin anafa poyeserera pa bwalo la ku Charlotte. Galimoto lake litagunda khoma ndi kuima, lina linadzaliomba, ndipo mlonda wa linalo sanali padenga.

Ine ndiganiza kuti amene anakhalamo m'galimoto lotere ndiye adziŵa mau ofunika, ndiponso nthaŵi yokhala chete, pakuti kulongolola kumasokoneza munthu amene ali pa liŵiro. A Fedewa ndiwo anali maso a Kevin Harvick pamene anatenga chikho chachikulu cha NASCAR mu 2014, nakhala naye kufikira atapuma mu 2023. Dzina lolembedwa pa chikhocho ndi la Harvick.