Musataye Nissan yanu chifukwa cha bodza la adobadoba

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale amene tsopano muli pa ntchito, lero ndikulemba mtima uli m'mwamba. Sabata yathayi mnzathu wina wophunzitsa masamu wagulitsa Nissan Tiida yake pa mtengo wolira nawo, ngongole ya ku SACCO asanamalize n'komwe kubweza. Chifukwa chake? Dobadoba wina anamuuza kuti kampani ya Nissan yatha, ndiye chaka chamawa masipeyala adzasowa. Amene wagula galimotoyo ndi dobadoba yemweyo! Nanga ngati inali yoti itayidwe, iye waigulira chiyani?

Sindikubisirani, Nissan ikudwaladi. Mu Novembala 2024 inalengeza kuti ichotsa anthu 9,000 pa ntchito. Inayamba kukambirana ndi Honda zoti aphatikizane, koma mu Febuluwale 2025 zokambiranazo zinalephereka, mabwana a Nissan atakana kukhala pansi pa Honda. Mkulu wake, Makoto Uchida, anachoka ndipo Ivan Espinosa analowa m'malo mwake. Mu Meyi 2025 kampaniyi inati yaluza ma yen oposa 670 biliyoni m'chaka chimodzi, kuti ochotsedwa ntchito afika 20,000, komanso kuti pa mafakitale ake 17 patsala 10. Ngakhale fakitale ya Oppama, komwe amapanga Note timaikondayi, idzasiya kupanga magalimoto pofika Malichi 2028. Oyenera kuwamvera chisoni ndi antchito amenewa, poti akulipira zolakwa za mabwana awo.

Koma kudwala si kufa. Mu 1999 Nissan yomweyi inamira mu ngongole, Renault ya ku France n'kuivuula. Ndipo tiyerekeze kuti yafadi mawa m'mawa. Kodi Tiida ya mnzathuyo ikanakana kulira? MG Rover ya ku Britain inagwa mu 2005, Saab ya ku Sweden mu 2011, koma eni magalimotowo sanawataye kudzala. Masipeyala anapitiriza kugulitsidwa. Kabakki ka Nissan 1400 anasiya kukapanga ku South Africa mu 2008, koma mpaka lero kakunyamulabe matumba a chimanga.

Tiyeni tinene zoona. Ndani mwa ife anagulapo galimoto yatsopano ya m'pepala? Zathuzi zimabwera zitayenda kale zaka zambiri ku Japan, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kudzalowera pa Songwe. Masipeyala ambiri amene timagula ndi ophwasula ku magalimoto ena, kapena opangidwa ndi makampani ena osati Nissan. Kukwera mtengo kwake sikuchokera ku likulu la Nissan ku Yokohama ayi. Kukuchokera kwathu konkuno: kusowa kwa ndalama zakunja, ndi kwacha imene inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Vuto limeneli silisankha. Wa Toyota naye akulira chimodzimodzi.

Ena mukuti, "Aphunzitsi, nanga magiyabokosi a Nissan aja amafa msangawa?" Pamenepo ndikuvomera, giyabokosi ya CVT ndi yosachedwa kukwiya. Koma tidzifunse kuti timaithira chiyani. Imafuna oilo wakewake, NS-2 kapena NS-3 malinga ndi galimoto yake. Ife timapita kwa makaniko wa pansi pa mtengo, iye n'kuthiramo oilo wa ATF wamba poti ndi wotchipa. Kenako timakwezamo anthu asanu ndi awiri ndi matumba a fetereza, ulendo wa kumudzi. Ikafa, mlandu timaupereka kwa Ajapani.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti wapusitsidwayu ndi mphunzitsi. Tsiku ndi tsiku timauza ana kuti asamangomeza zilizonse, azifunsa umboni. Ife eni ake tikamva mphekesera pa WhatsApp, nzeru zonse zimathawa. Malipiro athu mukuwadziwa. Galimoto imeneyo inatenga zaka zodzimana, ana akudya ndiwo zosakazinga, ndiye ipite tsiku limodzi chifukwa cha pakamwa pa munthu wofuna phindu?

Ngati muli ndi March, Note kapena Tiida, isamaleni, thirani oilo woyenera, muziyenda. Ngati mukufuna kugula, pitani ndi makaniko wodalirika akaione giyabokosi musanapereke ndalama. Ndipo dobadoba akadzabwera ndi nkhani ya maliro a Nissan, mudzamufunse chifukwa chake akulimbirana mtembo.

Mnzathu uja lero wabwera ku sukulu pa kabaza.