Musathere bandulo pa jenereta yabodza: mafilimu anayi amene ndimawakonda

Loweruka lapitali magetsi atathima kwathu ku Chinyonga, mnyamata wa aneba, wa Fomu 3, anandipeza pakhonde ali wefuwefu, foni ya achimwene ake ili m'manja. "Sala, taonani izi. Mavuto athu atha." Inali vidiyo ya pa TikTok. Munthu wamata maginito pa kafani ka kompyuta, wakapukusa kamodzi ndi chala, babu layaka, kafaniko kakungozungulira osaima. Batire palibe, waya wopita kukhoma palibe.

Ndinamufunsa kuti mphamvu yoyatsa babulo, ija m'kalasi timati energy, ikuchokera kuti. Anati ku maginito. Ndinamukumbutsa lamulo limene analemba yekha m'kope, loti energy silengedwa ndipo siwonongedwa, imangosintha mtundu. Anaseka mwamanyazi. Lamulolo analiloweza bwinobwino, koma nkhani itabwera pa foni analiiwala, mpaka kupusitsidwa ndi batire yobisa kuseri kwa tebulo.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Filimu ya sayansi isamangokudabwitsani. Yabwino ndi imene imakuonetsani mmene anthu anadziwira chinthucho, pamene analakwitsa, ndi mmene inunso mungachiyesere. Bandulo ndi yodula, ndiye nawa mafilimu anayi a zochitika zenizeni, aja timati ma documentary, amene ine ndikuti ndi oyenera ndalama zanu.

Ndiyambe ndi yakwathu, William and the Windmill, imene Ben Nabors anatulutsa mu 2013. Ambiri mwa inu munaonera The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, koma ija ndi sewero, muli anthu oyerekeza. Mu iyi mukuona William Kamkwamba weniweni wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Mu kalaibulale kakang'ono anapezamo buku lotchedwa Using Energy, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakutha ndi dainamo. Anthu ankati wachita misala. Dainamo ija simatsenga: maginito akamazungulira pafupi ndi koyilo ya waya, mu wayamo mumayenda magetsi. Ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira zimachitika ndi zomwezi, kungoti kumeneko chozunguza ndi madzi a mu Shire. Mwaona kusiyana kwake ndi kafani ka pa TikTok? William akhoza kukulozerani kumene mphamvu yake ikuchokera: ku mphepo. Mphepo ikaleka, babu limazima. Filimuyi ndimaikondanso chifukwa siithera pa kuwomba m'manja. Imaonetsa mtolo umene unamugwera atatchuka pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, kubwerera m'kalasi atatsalira zaka zingapo, ndi kuvutika ndi maphunziro ngati mmene mumavutikira inu. Anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014.

Yachiwiri ndi yakale kuposa ine: Cosmos ya Carl Sagan, ya 1980. Ili ndi zigawo 13, koma yambani ndi choyamba, pamene akufotokoza za Eratosthenes, amene anayeza kukula kwa dziko zaka zoposa 2,200 zapitazo. Iye anamva kuti ku Syene, kummwera kwa Egypt, pali tsiku limene dzuwa likafika paliwombo ndodo yoima chilili sikhala ndi chithunzithunzi. Tsiku lomwelo ku Alexandria, kumpoto, ndodo inali nacho, chopendekera madigiri pafupifupi 7. Madigiri 7 amalowa mu 360 pafupifupi ka 50, ndipo mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita pafupifupi 800. Chulukitsani nokha: 40,000. Sagan amangotenga mapu a pa katoni omatapo timitengo tiwiri n'kuwapinda, ndipo mumaona ndi maso kuti dziko likanakhala lafulati zithunzithunzi sizikanasiyana chonchi.

Chosangalatsa n'choti ife a ku Blantyre tingathe kubwereza zimenezi. Tili pa madigiri pafupifupi 16 kummwera kwa equator, ndiye dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka: kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Sankhani Novembala, mitambo isanachuluke. Zikani ndodo ya mita imodzi mowongoka, ndipo cha m'ma 11:25 m'mawa mudzaona chithunzithunzi chake chitatsala pang'ono kutheratu. Mnzanu wa ku Karonga, makilomita pafupifupi 650 kumpoto mukayeza molunjika pa mapu, ayeze chake pamene chafupikitsitsa n'kukutumizirani pa WhatsApp. Adzapeza masentimita pafupifupi 10, amene ndi madigiri 6. Madigiri 6 amalowa mu 360 ka 60, ndipo 60 kuchulukitsa ndi 650 ndi 39,000. Ndi ndodo ziwiri basi, mwayeza dziko lapansi.

Yachitatu ndi ya amene bandulo yatsala pang'ono. Mu Human Universe ya BBC, ya 2014, muli kachigawo ka mphindi zosakwana zisanu kamene kalipo pa YouTube. Brian Cox analowa m'chipinda chachikulu cha NASA ku Ohio, chimene amatha kupopa mpweya wonse n'kuutulutsa. Poyamba akugwetsa chimpira cholemera ndi nthenga mpweya ulimo, nthenga zikutsalira. Atachotsa mpweya, zonse zikutsika limodzi mpaka pansi. Chaka chilichonse ndimauza a Fomu 3 kuti zinthu zonse zimagwa mofanana pakapanda mpweya, amalemba, koma nkhope zawo zimandiuza kuti sakundikhulupirira. Akaonera kachigawo aka m'kalasi mumangoti zii. Mukatha kuonera, tengani buku ndi kapepala kocheperapo, mugwetse padera. Kenaka ikani kapepalako pamwamba pa bukulo, mugwetsenso. Mukandiuze Lolemba zimene mwaona.

Yomaliza ndi Particle Fever ya 2013. Ndi yovutirapo, koma musaiope. Ikunena za makina a CERN pafupi ndi Geneva, ngalande yozungulira ya makilomita 27 pansi pa nthaka, mmene amawombanitsa tizidutswa tating'onoting'ono ta ma atomu. Anawayatsa mu Seputembala 2008 dziko lonse likuonerera. Patangopita masiku 9, polumikizira magetsi pakati pa maginito awiri panapsa, ndipo kukonza kunatenga chaka ndi miyezi. Tangoganizani, akatswiri masauzande, ndalama zankhaninkhani, koma vuto ndi joini ya waya, ngati imene imakukanikani mu labu. Mumawaona akukhumudwa, akukangana, akudikira. Pa 4 Julayi 2012 analengeza kuti apeza kachidutswa kotchedwa Higgs boson, ndipo Peter Higgs, amene anakalosera mu 1964, akuoneka akupukuta misozi. Atsikana, muonetsetse mayi wotchedwa Fabiola Gianotti: ndi amene ankatsogolera limodzi la magulu awiri akuluakulu amene anapeza zimenezi, ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa CERN yonse.

Ndikudziwa zimene makolo ena anene: mwana wa Fomu 4 asiye mabuku azionera mafilimu? Mbali ina akunena zoona. Filimu singakuphunzitseni kusova ma equation, ndipo pa MSCE sadzakufunsani dzina la Sagan. Masamu amalowa ndi cholembera. Koma ndalemba choko pa bolodi zaka zokwanira kuti ndione kuti mwana amene anaonapo chinthu chikuchitika saiwala msanga, ndipo funso likabwera mokhotakhota sasokonezeka ngati woloweza. Filimu imodzi pa mwezi siingakugwetseni mayeso. Sonkhanani anayi kapena asanu pa foni imodzi, yatsani mawu olembedwa pansi aja ngati Chingerezi chikuthamanga, ndipo kope likhale pambali. Paliponse pamene wolankhula wanena chinthu chachikulu, imitsani kaye, mufunsane kuti, akudziwa bwanji? Yankho likapanda kupezeka mufilimumo, ikayikireni, ngakhale ikhale yokongola chotani.

Mnyamata wa aneba uja ndinamubwereka dainamo ya njinga yanga yakale ndi kababu ka tochi. Wakhala akuipukusa kuseri kwa nyumba, ndipo dzulo anabwera kudzadandaula kuti akalumikiza babu, kagudumu kamalimba kupukusa kusiyana ndi pamene waya wachotsedwa. Ndinamuuza kuti akaganize chifukwa chake. Inunso ganizani.